Mng'ono wanga akuopa kuyendetsa galimoto ku Germany, ayambire pati?

Nachisale, Matawale:
Moni nonse. Mng'ono wanga ali kusukulu ku Germany. Kuno ankayendetsa bwinobwino, wa Blantyre uja ngakhalenso kukwera Ku Chawe, koma uko akuti akangogwira chiwongolero manja amanjenjemera poti amayenda mbali ya kumanja. Odziwa zamsewu tathandizani. Nanga laisensi yakunoyi imagwira ntchito?

Mphunzitsi wa galimoto, Chinamwali:
Achemwali, muuzeni kuti miyendo isamudetse nkhawa. Kilatchi, buleki ndi faya zili m'malo mwake momwemo, ndipo magiya sanasinthe, kungoti asinthira dzanja lamanja. Chovuta ndi maso. Anazolowera kukhala kumanja kwa galimoto, ndiye thupi limamukokera kumanja kwa leni mpaka tayala kukhula m'mphepete kapena galasi kugunda galimoto zoimikidwa. Agwire lamulo limodzi: dalaivala azikhala pafupi ndi mzere wapakati pa msewu.

Ambiri salakwitsa pamene pali galimoto zambiri ayi, chifukwa amangotsatira yakutsogolo. Amalakwitsa pamsewu wopanda kanthu, potuluka pa filingi siteshoni kapena pageti m'mawa, mutu ukabwerera ku Zomba. Pamenepo aziima kaye, anene mokweza kuti "kumanja", kenako alowe. Kukhotera kumanzere ndiye kodutsa kutsogolo kwa galimoto zobwera, ndipo pa raundabauti amalowera kumanja, kupatsa mpata zochokera kumanzere. Ngati kuno ankayendetsa ya ku Japan, indiketa aipeza kumanzere kwa chiwongolero, choncho masiku oyamba aziyatsa mawaipa dzuwa likuswa mtengo. Zimenezo zisamuchititse manyazi.

Masitolo uko satsegula Lamlungu. Ayambire pamalo oimikapo galimoto opanda anthu, mphindi 20 zokha, kenako timisewu ta 30 km/h, njira yomweyomweyo mpaka imutope. Asamadikire kuti mantha athe kaye, amatha munthu akuyendetsa.

Malume a ku Sadzi:
Za laisensi: yakunoyi imaloledwa miyezi 6 yokha chikhazikikireni m'dzikomo, ndipo aziyenda ndi pepala loimasulira m'Chijeremani, a ADAC, bungwe la oyendetsa galimoto la komweko, amamasulira. Ikatha miyeziyo n'kupitiriza kuyendetsa, ndi mlandu wofanana ndi kuyendetsa wopanda laisensi. Ayenera kulemba mayeso a malamulo (amalola Chingelezi) ndi oyendetsa, kupimitsa maso ndi kuchita maphunziro a chithandizo choyamba. Ayambe msanga chifukwa mapepala amachedwa.

Lamulo limene limagwetsa alendo ndi ili: pamphambano yopanda maloboti kapena chikwangwani, wochokera kumanja ndiye ayambe kudutsa, ngakhale msewu wako uoneke waukulu. Njinganso zili ndi njira yakeyake kumanja, si za kabaza wathu wongopezeka paliponse, ndiye pokhotera kumanja atembenuze khosi, galasi lokha silikwana.

Nachisale, Matawale:
Zikomo malume. Nanga atangotenga ya otomatiki?

Mphunzitsi wa galimoto, Chinamwali:
Poyambira ndi yabwino, imachotsa ntchito ya dzanja kuti mtima ukhale pamsewu. Koma akayesedwa pa otomatiki yokha, laisensi imamuletsa ya magiya, pokhapokha atatenga B197, nambala ya pa laisensi yomuloleza kuyendetsanso ya magiya, imene imafuna maphunziro 10 a mphindi 45 pa ya magiya. Afunse kusukulu yoyendetsa asanalipire.

Makanika wa ku Mpondabwino:
Ine za Lamlunguzo ndikuona kuti zibwere pambuyo. Tsiku loyamba akhale ndi mphunzitsi wakomweko, galimoto yake ili ndi buleki mbali zonse ziwiri. Mnzake wamantha pambali amangowonjezera phuma.

Autobahn, misewu ikuluikulu ya liwiro lalikulu, ikhale yomaliza. Polowa asaponde buleki m'kanjira kolowera, apatse moto mpaka liwiro lifanane ndi la malole, ayatse indiketa, alowe. Akhale leni ya kumanja, ndipo kupitirira mnzako chakumanja n'koletsedwa. Mpata ukhale theka la sipidomita m'mamita: pa 100 km/h ndi mamita 50, womwe ndi mtunda wa pakati pa timitengo toyera tam'mbali mwa msewu. Kukagwa chipale, matayala a m'nyengo yozizira ndi lamulo, ndipo anyamuke pang'onopang'ono, apo ayi matayala amangozungulira pamodzimodzi.