Ndalama za CFAP ku America: bwanji alimi oyandikana ankalandira zosiyana chonchi?

Kholalathu:
Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani ya ndalama zomwe boma la America linapereka kwa alimi nthawi ya Covid-19 mu 2020, zija ankati CFAP. Zinkatheka bwanji kuti alimi awiri a m'county imodzi yakumudzi (dera longa boma kwathu kuno), ng'ombe zawo zofanana kuchuluka, wina n'kulandira zochuluka pomwe mnzake angomupatsa pang'ono? Kodi ofesi ya m'deralo ndiyo inkakondera?

Mlangizi_wa_ziweto:
Ayi achimwene, ofesi ya m'county ya Farm Service Agency (FSA), nthambi ya boma yothandiza alimi, inkangolandira ndi kuunika mafomu. Mitengo yolipirira alimi inachokera ku USDA, unduna wa zaulimi wa America, ku Washington. Chomwe chinasiyanitsa anthu ndi tsiku logulitsira.

M'gawo loyamba, lomwe mafomu ake analandiridwa kuyambira pa 26 Meyi mpaka pa 11 Seputembala, ng'ombe yonenepetsedwa yopita kophera imene inagulitsidwa pakati pa 15 Januwale ndi 15 Epulo ankailipira $214. Imene inali ikadali m'khola pakati pa 16 Epulo ndi 14 Meyi, $33 yokha. Tawerengani pa ng'ombe 100: uyu $21,400, uyo $3,300.

Apa m'pomwe pakundiwawa. Mafakitale ophera ng'ombe, monga a JBS ku Greeley ndi a Tyson ku Dakota City, anatsekedwa kwa masiku angapo mu Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi antchito atadwala. Wosowa kokagulitsa nthawi imeneyo ankangodyetsa ng'ombe zoti zakwana kale, mtengo ukugwa, koma iyeyo ndiye analandira zochepa. Lamulo linadula mzere pomwe mavuto ankafika pachimake.

Nkhokwe:
Ku chimanga nakonso kunali msampha wake. Sankalipira zokolola zonse ayi. Ankaona chimanga chomwe chinali m'nkhokwe pa 15 Januwale chisanapanganidwe mtengo, ndipo chisapitirire theka la zokolola za 2019. Theka la chimenecho ankalipira masenti 32 pa bushel, theka linalo 35. Bushel ya chimanga ndi makilogalamu pafupifupi 25. Amene anasainirana kale mtengo ndi wogula sanapezepo kanthu pa chimanga chimenecho, chifukwa boma linkati kugwa kwa mtengo sikunamukhudze. Poyamba ankapereka 80 peresenti ya ndalamazo, yotsalayo inabwera mu Ogasiti.

MayiWaMafomu:
Bambo a Kholalathu, musaiwalenso za mapepala, chifukwa ndi amene anachedwetsa alimi ang'onoang'ono. Fomu yaikulu inali AD-3114, koma yokha sinkakwanira. Pankafunika CCC-941 yosonyeza kuti zomwe munthu amapeza pachaka sizidutsa $900,000, pokhapokha ngati 75 peresenti yake ichokera ku ulimi. AD-1026 ya kusamala madambo ndi nthaka yokokoloka. Ndi CCC-902 yofotokoza mmene famu imayendetsedwera. Alimi akuluakulu anali nazo kale zimenezi m'mafayilo a ofesi. Wolima ndiwo zamasamba wogulitsa pamsika, amene sanapondeko ku FSA, ankayamba ndi kulembetsa dzina, chonsecho maofesi ambiri anali otseka kwa anthu, zonse zikuyendera pafoni ndi pa intaneti. Kumidzi kwina intanetiyo ndi yovuta.

Ziwerengero mlimi ankalemba yekha, osapereka malisiti. Koma ankayenera kuwasunga zaka zitatu, ndipo akamupeza kuti anawonjezera, ndalamazo ankabweza. Malire anali $250,000 pa munthu mmodzi, ngakhale kampani ya anthu atatu ogwiradi ntchito pafamupo inkatha kufika $750,000.

Omwe ankaweta nkhuku za kampani pa kontirakiti anasiyidwa kunja chifukwa nkhukuzo si zawo. Anawaganizira mu 2021.

Mlangizi_wa_ziweto:
Zoona mayi. Gawo lachiwiri, la pa 21 Seputembala mpaka 11 Disembala, linakonzako pang'ono. Ankapereka $55 pa ng'ombe, mlimi n'kusankha yekha tsiku lomwe khola linali lodzaza kwambiri pakati pa 16 Epulo ndi 31 Ogasiti. Koma ng'ombe zosungira mbewu, nkhunzi zake ndi zazikazi zobereka, sankaziwerengera, ndiye woweta zoberekesa anapindula mochepa kuposa wonenepetsa.