Mwala wa quartz wandikulira, ndiusunge bwanji?

Abale odziwa za miyala, ndithandizeni. Ndili ku Ntcheu ndipo ndimasunga timiyala tokongola, tambiri ndinatola cha ku phiri la Chimwadzulu. Koma pali mwala umodzi wa quartz (mwala wolimba wooneka ngati galasi) wolemera pafupifupi makilogalamu 70. Shelefu yayamba kupindika, ndipo ndikauika pansi ndikuopa kuti ana athyola nsonga zake.

Ena akuti ndiudule pakati. Ine ndakana, kukongola kwake kuli pa kukulako. Ndiuike pa chiyani, pa thabwa lochindikala kapena m'bokosi la mchenga? Nanga dzimbiri lofiira lomwe lamatirira m'ming'alu ndilichotse ndi chiyani osauwononga? Komanso ndikafuna kupita nawo ku Geological Survey (nthambi ya boma yoona za miyala) ku Zomba kuti akauone, pakufunika chilolezo pa msewu?