Kuchoka ku community college kupita ku yunivesite: makirediti anga ena akanidwa

Wophunzira wa ku California:
Moni nonse. Ndili pa visa ya ophunzira akunja yotchedwa F-1, ndipo ndamaliza chaka choyamba pa community college (koleji ya maphunziro a zaka ziwiri) ina kuno ku California ndi makirediti 31 (mapointi amene umapatsidwa ukakhoza kalasi) komanso GPA (avereji ya magiredi) ya 3.3. Cholinga changa n'chakuti ndikamaliza chaka chachiwiri ndisamukire ku yunivesite kukachita digiri ya uinjiniya. Sabata yatha mlangizi wa pasukulu pathu atayang'ana zotsatira zanga anazunguliza ndi cholembera makalasi awiri, lina la Chingerezi chokonzekeretsa ndi lina la luso la pakompyuta, n'kundiuza kuti amenewa yunivesite sidzawawerengera. Nkhongono zinandithera, chifukwa makalasiwo ndinawalipira pa mtengo wa alendo, ndi ndalama zimene makolo anga anachita kuvutikira. Akuluakulu amene munadutsa njirayi, ndichite chiyani kuti zoterezi zisandionekerenso?

Mayi Nachisale:
Pepani mwananga, koma thokozani kuti mwazidziwa nthawi ikadalipo. Ambiri amawerenga makirediti ngati kuwerenga matumba, pomwe yunivesite imafunsa kuti m'thumbamo muli chiyani. Musanalembetse kalasi ina iliyonse, lowani pa webusaiti ya ASSIST.org, sankhani koleji yanu, yunivesite imene mukufuna ndi phunziro lanu, ndipo mudzaona kalasi ya kwanu itaikidwa moyang'anizana ndi kalasi ya kumeneko imene ikufanana nayo. Pamene palembedwa kuti palibe yofanana nayo, mudziwe kuti kalasi ya kwanu siingalowe m'malo mwake.

University of California (UC) imafuna makirediti 60 ovomerezeka a semesita, ndi GPA yosachepera 2.4 kwa nzika za California kapena 2.8 kwa ochokera kunja. Manambala amenewa ndi ongotsegulira chitseko basi. Kwa inu a uinjiniya, chimene adzayang'anitsitse ndi masamu a calculus ndi physics, ndipo popeza makalasi amenewa amatsatizana, lina likamadalira linzake, mukachedwa kuyamba loyamba mwachedwetsa onse. Ine ndinataya chaka chathunthu chifukwa ndinatanganidwa ndi maphunziro a onse aja, amene kale ankatchedwa IGETC ndipo kuyambira 2025 alowedwa m'malo ndi Cal-GETC, n'kuiwala kuti physics yachiwiri pakoleji yathu inkaphunzitsidwa kamodzi kokha pachaka.

Bambo Gondwe:
Ndionjezepo za masiku, achimwene. Pali dongosolo lotchedwa TAG, limene limakutsimikizirani malo mukakwaniritsa zofunika zake. Limapezeka ku nthambi za UC za Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz, koma Berkeley, UCLA ndi San Diego mulibemo, ndipo si maphunziro onse amene amalowamo. Fomu yake imatumizidwa mu Seputembala, pomwe fomu yaikulu yofunsira malo imatsekedwa kumapeto kwa Novembala, kutsala miyezi pafupifupi 10 kuti musamuke. Choncho nthawi yanu si chaka chamawa ayi, ndi chaka chomwe chino.

Mchemwali wa ku Oakland:
Za visa palibe amene wanenapo. Yunivesite ikakulandirani idzafuna umboni wakubanki wosonyeza kuti mungakwanitse kulipira chaka chathunthu isanakupatseni I-20 yatsopano, chikalata chotsimikizira kuti yakulandirani ngati wophunzira wakunja, ndipo ofesi ya ophunzira akunja pakoleji yanu ndi imene imasamutsa mbiri yanu mu SEVIS, kaundula wa boma la America wa ophunzira akunja, pa tsiku limene mwagwirizana. Maphunziro kwatsopanoko ayenera kuyamba pasanathe miyezi 5. Kumbukiraninso kuti thandizo la boma la fizi lofunsidwa kudzera pa fomu ya FAFSA silifikira a F-1, ndipo ku UC ochokera kunja amalipira ndalama zoonjezera zopitirira madola 30,000 pachaka pamwamba pa fizi ya onse. N'chifukwa chake ine ndinasankha California State University, kumene mtengo wake ndi wotsikirapo ndithu.

Wophunzira wa ku California:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana pa ASSIST usiku womwewu, ndipo ndapeza kuti kalasi ya statistics imene ndinalembetsa semesita ikubwerayi siikufunika pa uinjiniya ku Davis. Mawa m'mawa ndikaisintha kuti nditenge calculus yachiwiri malo asanathe.