Masetilaiti olondera dzuwa amene maboma akugula: kodi a m'chigwa cha Shire tipindula nawo chiyani?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za sayansi kapena za kagulidwe ka katundu wa boma. Ndimaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina kuno ku Ngabu, ndipo wophunzira wina wa fomu 4 anandifunsa za setilaiti imene boma la America linatumiza m'mwamba mu September 2025 kuti izilondera nyengo ya m'mlengalenga. Mwanayo ankaganiza kuti makinawo azitichenjeza za mvula ndi kusefukira kwa Shire, ndipo kunena zoona, nanenso poyamba ndinaganiza chimodzimodzi, pakuti kwa ife amene tinaona madzi a 2015, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023, mawu akuti nyengo satanthauza china koma mitambo ndi mitsinje. Nditafufuza ndinapeza kuti setilaitiyo imayang'ana dzuwa, osati dziko. N'chifukwa chiyani boma lingawononge ndalama zochuluka chotere polondera dzuwa? Nanga masetilaitiwa amagulidwa bwanji, ndipo kodi dziko lathu liyenera kuganizira zogula yakeyake?

Wa zamagetsi wopuma, Nchalo:

Aphunzitsi, nyengo ziwirizi zimangofanana dzina. Zithunzi za mitambo zimene a zanyengo kuno kwathu amagwiritsa ntchito potsatira anamondwe zimachokera ku masetilaiti ena, monga a Meteosat a mayiko a ku Ulaya. Nyengo ya m'mlengalenga gwero lake ndi dzuwa, limene limatakasuka ndi kufatsa mosinthanasinthana pa zaka pafupifupi 11 zilizonse. Likatakasuka limaphulika pamwamba pake n'kulavula chimtambo cha tinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Kuwala kwa kuphulikako kumafika kuno m'mphindi 8 ndipo kumatha kutseka mawailesi amene oyendetsa ndege amalankhulirapo akamadutsa pa nyanja zikuluzikulu, koma chimtambocho chimatenga maola osachepera 15, ndipo kawirikawiri masiku awiri kapena atatu.

Mbali imene ndikuidziwa bwino ndi ya nthambo. Chimtambocho chikagwedeza maginito a dziko lapansi, pansi pamabadwa magetsi osochera amene amalowa m'nthambo zitalizitali n'kumatenthetsa mathiransifoma akuluakulu. Pa 13 March 1989 chigawo chonse cha Quebec ku Canada chinakhala maola 9 opanda magetsi pa chifukwa chimenechi. Kwa nthawi yaitali anthu ankati vutoli ndi la mayiko ozizira okha, koma namondwe wa padzuwa wa kumapeto kwa October 2003 atadutsa, mathiransifoma angapo akuluakulu a Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, anapezeka atawonongeka. Thiransifoma yotere sigulidwa ngati babu la m'golosale. Imapangidwa mochita kuitanitsa, ndipo kudikira kwake ndi kwa miyezi yambirimbiri. Ife amene tikukumbukira mdima umene unatsatira kuwonongeka kwa Kapichira mu January 2022, pamene dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, sitifunika kuuzidwa tanthauzo la kudikira kotero. Komanso pamene tikulumikizana ndi anzathu a ku Mozambique pa nthambo ya 400 kV yochokera ku Matambo kufika ku Phombeya, tikulowa m'gulu la mayiko a nthambo zazitali, zimene magetsi osocherawa amazikonda.

Setilaiti mukunenayi, imene inanyamuka ikutchedwa SWFO-L1, inatumizidwa kumalo otchedwa L1, makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno kulowera kudzuwa. Ili ngati munthu woyeza madzi kumtunda kwa Ruo amene amaimbira foni a ku Chiromo kuti mtsinje wadzaza: madziwo sangawaletse, koma amawaona asanafike. Ikayeza chimtambo chikuidutsa, oyang'anira magetsi amakhala ndi mphindi pakati pa 15 ndi 60 zoti achepetse katundu pa nthambo.

Mayi wa za matenda a boma, Chikwawa:

Ndiyambe ndi kufotokoza kuti matenda amene ndikunena pa dzina langali ndi a ntchito zogulira boma katundu, osati a kuchipatala, popeza ena amadabwa.

Bambo a ku Nchalo afotokoza chifukwa chake; ine ndinene za kagulidwe. Mwini setilaitiyo ndi NOAA, bungwe la boma la America loona za nyanja ndi zanyengo, koma amene anayendetsa ntchito yogula ndi a NASA, bungwe la boma lomwelo loona za m'mlengalenga, chifukwa ndiwo ali ndi akatswiri otha kulemba zofunikira ndi kuyesa ngati wopanga wazikwaniritsa. Sanapereke ntchito yonse kwa kampani imodzi. Thupi la setilaiti linapatsidwa kwa Ball Aerospace mu 2020 pa kontirakiti ya madola pafupifupi 97 miliyoni, ndipo kampaniyo inadzagulidwa ndi BAE Systems mu 2024 ntchito ili mkati. Chida chojambula zophulika m'mphepete mwa dzuwa chinapangidwa ndi Naval Research Laboratory, ndipo zida zina zinachokera ku Southwest Research Institute ndi ku University of California, Berkeley. Ngakhale roketi sanachite kubwereka yawoyawo: setilaitiyo inakwera matola pa Falcon 9 ya SpaceX imene inanyamula IMAP, setilaiti ya kafukufuku ya NASA, pa 24 September 2025. Kuchokera pa kusaina kontirakiti kufika pa ulendowo panadutsa zaka zisanu.

Chimene chimandichititsa chidwi ngati munthu wa ntchito imeneyi n'chakuti nawonso olemerawo anatsala pang'ono kuchedwa. Kwa zaka zambiri dziko lonse lapansi linkadalira SOHO ya mu 1995 ndi ACE ya mu 1997, makina amene anapangidwira kafukufuku wa zaka zochepa, pamodzi ndi DSCOVR ya mu 2015, imene mu 2019 inasiya kutumiza uthenga kwa miyezi pafupifupi 9. Katundu amene phindu lake limaoneka pa tsiku la tsoka lokha ndi wovuta kumuteteza pa nthawi ya bajeti, kaya ndi ku Washington kaya ndi ku Lilongwe, ndipo ndi chifukwa chake mu 2020 nyumba ya malamulo ya ku America inachita kukhazikitsa lamulo lotchedwa PROSWIFT lolamula mabungwe a boma kuti asalole kulondera kumeneku kudukiza. A ku Ulaya nawo, kudzera ku ESA, bungwe lawo loona za m'mlengalenga, anapatsa Airbus kontirakiti ya mayuro 340 miliyoni mu 2024 kuti ipange setilaiti yotchedwa Vigil, imene akufuna kuitumiza mu 2031 kuti iziyang'ana dzuwa chakumbali ndi kuona mawanga oopsa asanatembenukire kuno.

Amagula ndi maboma chifukwa chenjezo lotere silingagulitsidwe ngati shuga: likangotuluka limapindulira aliyense, wolipira ndi wosalipira yemwe. NOAA imaliika pa intaneti kwaulere. Choncho pa funso lanu lomaliza, aphunzitsi, maganizo anga ndi akuti ayi. Tenda yogula setilaiti yotere itafika ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma kuno kwathu, funso loyamba likhoza kukhala lakuti tikugulanji chinthu chimene tikulandira kale osalipira. Ngakhale South Africa sinagule yake. Inamanga likulu lolondera usana ndi usiku m'tawuni ya Hermanus pansi pa SANSA, bungwe lawo loona za m'mlengalenga; likululi linatsegulidwa mu November 2022, ndipo limatumikiranso ndege za m'chigawo chino cha Africa. Zimene tingagule ife ndi zazing'ono: zida zoyezera maginito a dziko, zida zoyezera magetsi osochera pa mathiransifoma, ndi maphunziro a anthu ochepa odziwa kuwerenga machenjezowo.

Mlimi wa ku Makhanga:

Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzirapo, koma mundilole ndinene zimene zili kukhosi. Bambo a ku Nchalo apereka fanizo la munthu woyeza madzi kumtunda kwa Ruo, koma kwa ife a kutsidya lino limenelo si fanizo ayi, ndi moyo weniweni. Chaka china uthenga wakuti tisamuke unatipeza madzi ali kale m'khonde, foni zitathima chifukwa magetsi anali atazima masiku awiri, ndipo chimene chinatipulumutsa ndi bwato la mnansi wathu. Anamondwe aja masetilaiti anawaona akadali pa nyanja ya mchere masiku angapo asanafike. Chimene chinasowa ndi njira yochokera pa kompyuta ya mu ofesi kufika pa khomo la munthu. Ngati pali ndalama, mayi a ku Chikwawa, ziyambe zapita ku zoyezera madzi pa Ruo, Mwanza ndi Thangadzi, ku mawailesi ndi ku mabwato, zadzuwazo zibwere pambuyo.

Woyeza malo, Bangula:

Achimwene a ku Makhanga, sindikutsutsa dongosolo limene mwaika, ndipo nditafunsidwa ndingasankhe chimodzimodzi. Ndingowonjezera kuti zadzuwazi zinalowa kale m'minda mwathu ngakhale sitizitchula. Makina amene timayezera malire a minda ndi kutsetsereka kwa ngalande za ulimi wothirira amadalira GPS, ndipo pa ngalande kulakwitsa kwa masentimita ochepa n'kokwanira kuti madzi aime kapena abwerere. Uthenga wa GPS umadutsa m'chigawo cha mpweya wapamwamba chotchedwa ionosphere, chimene dzuwa likatakasuka chimavunduka, makamaka m'madera oyandikira equator dzuwa likangolowa. Mu May 2024, pa namondwe wa padzuwa wamkulu kuposa onse chiyambire 2003, alimi ambiri a ku America anaimika mathirakitala pakati pa nyengo yodzala chifukwa mizere inkakhota. Mu February 2022 Starlink, imene ena mwa ife tikulemberapo uthenga uno, inataya masetilaiti 38 mwa 49 amene inali itangowatumiza kumene. Ine masiku ano ndisanapite kukayeza ntchito yofuna kulondola kwambiri ndimayamba ndatsegula tsamba la NOAA, ndipo ndikaona chenjezo lafika pa G3 kapena kupitirira pa sikelo yawo yolekezera pa G5, miyezo ya tsikulo ndimadzaibwereza tsiku lina.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka mayi a ku Chikwawa chifukwa cha tsatanetsatane wa makontirakiti. Ndikafotokozera ophunzira anga Lolemba, ndipo fanizo la Ruo ndikaligwiritsa ntchito pamodzi ndi mawu a bambo a ku Makhanga, popeza ena mwa anawa kwawo ndi komweko. Bambo a ku Bangula, ngati n'kotheka mundiuze tsiku limene mudzadutse ku Ngabu ndi makina anu oyezera, kuti ana adzawaone ndi maso, pakuti ambiri a iwo GPS amangoidziwa ya pa foni.