LN106: hutala ikulira yokha, fiyuzi ikungopsa

Fundi Wiza: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi Hilux LN106, injini 3L, ya bambo wina amene amakatenga matabwa ku Chikangawa, masiku ena amapanga matola a ku Nkhata Bay. Lero ndi tsiku lachitatu ili kwa ine kuno ku Luwinga. Ukakhotetsa sitelingi kumanzere mpaka kumapeto hutala ikulira yokha. Ma indiketa mmawa akugwira, masana zii. Fiyuzi ya HAZ-HORN (ya ma hazard ndi hutala) yapsa kawiri. Dim imathima ukagunda bampu koma bright ili bwinobwino. Flasher (kophethiritsa ma indiketa) ndasintha, combination switch (ya ndodo za nyali ndi ma indiketa kuseri kwa sitelingi) ndaika ina ya second hand. Dim ikuoneka ngati yasiya kuvuta koma sindikuikhulupirira, zinazo zili chimodzimodzi. Batire ili pa ma volt 12.6. Musandiuze zoyang'ana mababu, ndinayambira komweko. Mwini wake akuimba foni ola lililonse, akuti COF ikutha Lachisanu.

Chiku: Clock spring imeneyo boss, kawaya kozungulira kuseri kwa sitelingi kopita ku hutala ndi airbag. Sinthani basi.

Madala Mhango: Iwe Chiku, unaionapo kuti clock spring mu 106? Galimoto ilibe airbag imeneyo. Muli ring ya mkuwa kuseri kwa sitelingi ndi kapini kokhala ndi sipuling'i kamene kamakhuza ring ija. Ana a masiku ano mwazolowera ma Sienta ndi ma Vitz. Wiza mwana wanga, vuto lako ndi earth, njira imene moto umabwerera ku batire kudzera mu body. Yang'ana waya woyera wa mzere wakuda, utsate komwe wamangidwa ku body, uchotse dzimbiri.

Fundi Wiza: Earth ya pa kick panel (m'mbali mwa mapazi, pansi pa dash) ndamasula ndapala ndi sandpaper madala. Sizinasinthe.

Madala Mhango: Wapala imodzi. Zilipo zingapo.

Mayi Tiwonge (Katoto): A Wiza, inu mukusaka vuto limodzi pamene galimotoyo ili ndi mavuto awiri kapena atatu. Taganizani bwino. Pa Toyota zakalezi moto umafika kaye ku hutala, batani la pa sitelingi limangopereka earth. Ndiye waya wochoka ku hutala kupita ku kapini kaja ukakhudza chitsulo paliponse, hutala ilira, koma fiyuzi singapse chifukwa hutalayo ndi load, chinthu chogwiritsa ntchito moto, ndipo moto ukudutsa mwa iyo. Chimene chikuwotcha fiyuzi ndi china: waya wa moto weniweni, wosadutsa pa kiyi, umene umapita ku switch ya hazard. Umenewo ukugunda chitsulo penapake. Mawaya awiriwa akhoza kukhala mtolo umodzi pansi pa column (mtengo wa sitelingi), ndiye mwina malo operepeseka ndi amodzi, koma musayembekeze kuti mukakonza hutala zonse zatha.

Komanso musaiwale kuti moto wa ma indiketa umadutsa mu switch ya hazard. Ikakhala yakuda mkati, indiketa imachita zomwe mukunenazo. Iyatseni ndi kuzimitsa kakhumi mofulumira, muone ngati ma indiketa abwerera.

Fundi Wiza: Yewo chomene mama. Zoti ndi mavuto osiyana sindinaziganize, ndimangoti zonse ndi switch. Column yake ndi ya tilt, yokweza ndi kutsitsa, mwina ndi pomwe pakudyeka.

Mayi Tiwonge (Katoto): Ngati ndi ya tilt yambirani pomwepo. Chotsani ma cover onse awiri, m'malo mwa fiyuzi lumikizani babu la headlamp pa mapini awiri aja. Ndiye kwezani ndi kutsitsa column, gwedezani mtolo wa mawaya pang'onopang'ono. Pamene babu liwale kwambiri, short, malo amene waya wa moto ukugunda chitsulo, ili pomwepo. Mukatero simutha ma fiyuzi a bwana wanuyo.

Madala Mhango: Zonsezo ndi zabwino koma muyambe ndi earth. Ine ndayamba ntchito iyi Hilux zimenezi zikubwera zatsopano.

Bonzo wa ku Chibavi: Aaa nkhani ya fiyuzi mwandikumbutsa. Chaka chatha kunabwera Nissan Hardbody ya munthu wina wa ku Ekwendeni, yogulitsa fodya. Fiyuzi imangopsa, iye anatopa nkukulunga pepala lonyezimira la mu paketi ya ndudu. Anayenda nayo sabata ziwiri akudzitama kuti wakonza yekha. Tsiku lina ali pa depoti utsi unayamba kutuluka pansi pa sitelingi, anthu kumbuyo kudumpha, mayi wina mpaka anataya dengu la tomato. Mwamwayi mnyamata wake anali ndi sipanala 10 m'thumba, anachotsa terminal ya batire. Harness yonse, mtolo wa mawaya, kuchokera pa kiyi mpaka pa fuse box inasungunuka kukhala chingwe chimodzi. Ndinakhala nayo masiku 9 ndikusenda waya umodziumodzi. Ndalama zake mpaka lero sanamalize. Wiza, chonde usaike fiyuzi ya ma amp 30 pamalo pa ya 15, ngakhale mwini wake akulilire bwanji.

Fundi Wiza: Ine sindipanga zimenezo aise. Koma ndapeza kuti wina anaikapo kale 25.

Bonzo wa ku Chibavi: Ndiye waya wapsa kale mkati umenewo. Senda tepi yonse uone.

A Nyirenda: Funso langa ndi la dim. Mababu ndi a mawati angati? Madalaivala a msewu wa Chikangawa amakonda kuika 100/90 (bright 100, dim 90) chifukwa cha nkhungu ija, pamene galimoto inapangidwira 60/55. Werengani nokha: awiri a 55 akukoka ma amp 9 kapena 10, awiri a 90 akukoka cha m'ma 15. Ndipo Toyota imasintha dim ndi bright kumbali ya earth, moto wonsewo ukubwerera kudzera mu ma contact a dimmer, switch yosinthira dim ndi bright, pa column. Switch yoyamba inafa ndi zimenezo, ndikhoza kubetcha. Yomwe mwaikayo ifanso ngati simuika ma relay (tima switch tamagetsi tonyamula moto wambiri) kutsogolo kapena kubwezera mababu oyenera. Muonenso plug ya switch, pini ya dim imakhala yakuda, pulasitiki yosungunuka. Mukasiya plug yakupsa nkuika switch yabwino mwangotaya ndalama.

Fundi Wiza: Ndi 100/90 ndithu. Plug sindinaiyang'anitsitse, ndinali pa changu.

Madala Mhango: Mwamva? A Nyirenda anena okha kuti moto ukubwerera ku earth. Si zomwe ndikunena ine kuyambira mmawa?

A Nyirenda: Ayi madala, ine ndikunena ma contact. Earth ikanakhala yoipa bright nayo ikanavuta, imadutsa pa waya womwewo.

Madala Mhango: Earth imanama. Ukayeza ndi mita pa ohms ikuonetsa zero, ukayatsa nyali yathawa. Muyeze voltage drop, ma volt amene akutayika panjira, nyali zili zoyaka, kuchokera pa waya woyera-wakuda kupita ku negative ya batire. Ikapitirira theka la volt mubwere mudzandipepese. Kuno ku Mzuzu mvula simatha, madzi amalowa pa windscreen nkutsikira mu kick panel. Galimoto za ku Karonga zimafa ndi fumbi, zathu zimafa ndi dzimbiri.

Mayi Tiwonge (Katoto): Pa kayezedweko madala akunena zoona, ohms siithandiza. Koma earth yoipa siwotcha fiyuzi adada.

Chiku: Nanga bwanji kungoika batani la hutala pa dashboard, ma indiketa pa toggle switch? Lachisanu lili pafupi.

Bonzo wa ku Chibavi: Iwe ndiwe amene umatibweretsera ntchito zovuta eti? Galimoto iliyonse imene ndimatsegula ndimapeza ma toggle atatu, palibe akudziwa kuti ndi a chiyani.

Sam Diesel: Ine si wa magetsi koma ndichenjezeko. Mukamagwedeza mawaya pa column muonenso kuseri kwa ignition switch. 3L imazima ndi solenoid yotseka mafuta pa pump, moto wake umachokera pa IG, waya umene umakhala ndi moto kiyi ikakhala pa ON. Plug imeneyo ikakhala yolobodoka injini imazima ikuyenda. Zinandichitikira ndikutsika Chiweta ndi katundu wa simenti, injini zii, sitelingi kulemera, mabuleki nditaponda kawiri vacuum yothandizira mabuleki yatha. Ndinapemphera m'Chitumbuka, m'Chichewa ndi m'Chingerezi nthawi imodzi. Ndipo zikakuchitikirani musabweze kiyi mpaka ku LOCK, sitelingi ikhoza kumangika muli pa kona. Tinakapeza kuti amene anaika alamu anasenda waya wa IG nkungopotokola, osawotcherera, tepi yokha.

Fundi Wiza: Iyinso ili ndi zotsalira za alamu, kabokosi kakuda kali lende pansi pa dash, mawaya ena odulidwa. Wailesi nayo anaitengera moto pa column pomwepo.

Sam Diesel: Basi chotsa zonsezo kaye. Za alamu zakufa sizisiyidwa m'galimoto.

A Nyirenda: Pochotsa sitelingi kuti muone ring, chotsani negative ya batire kaye, matayala akhale owongoka, muike chizindikiro pa shaft. Nati musaichotse yonse, isiyeni pa ma thread awiri atatu kenako muzikoka. Mnyamata wanga wina anachotsa yonse, anakoka ndi mphamvu, sitelingi inamumenya pakamwa, dzino linatsala pa mpando. Osamenya shaft ndi hamala, column imeneyi inapangidwa kuti izifupika pa ngozi, mukaimenya mwaiwononga. Pobwezera onetsetsani kuti cancel cam (kobweza ndodo ya indiketa mukamaliza kukhota) yalowa m'malo mwake, apo ayi muthyola switch yomwe mwagulayo. Kapini kaja kakadyeka kapena kupindika kamatha kukhudza pomwe sikayenera, ndiye kulira kwa pokhota kuja kungakhale komweko, osati pa tilt.

Chiku: Switch yoteroyo mukuipeza kuti masiku ano? Ine ndinazungulira tawuni yonse mwezi watha.

Bonzo wa ku Chibavi: Zatsopano zomwe zikubwerazi ndi zachabe, ndodo yake imathyoka miyezi iwiri. Bola yakale yochotsa pa galimoto yangozi. Pali mnyamata amene amapita ku Dar es Salaam kawirikawiri, amabweretsa za half cut (galimoto zodulidwa pakati zogulitsa zipangizo), koma umutumizire chithunzi cha plug, chifukwa ma pini amasiyana ngakhale galimoto zikuoneka zofanana. Ine anandibweretserapo ya left hand, ndodo ya indiketa ili mbali inayo.

Mayi Tiwonge (Katoto): Imeneyo mukanali nayo? Ndili ndi kasitomala wa Hilux yochokera ku Mozambique... ayi iwalani, kumenekonso amayendera kumanzere ngati ife.

Bonzo wa ku Chibavi: Ilipo, ikungodya malo mu kabati.

Sam Diesel: Wiza wafika pati? Kwada tsopano.

Madala Mhango: Ali chete chifukwa wapeza kuti ndi earth.

Chiku: Akulu, pali amene ali ndi puller ya sitelingi yobwereka mawa mmawa? Ndili ku Zolozolo.