Ndithandizeni: kokayenda wapansi kunja kwa tauni, koti sitima imafika

Membala wobisa dzina
A admin ndibiseni dzina chonde, alamu anga ali m'gulu lomweli. Abale anga a kuno ku UK, ndigawireni nzeru. Apongozi anga anabwera kudzaona mdzukulu, koma chibwerere amangodziwa njira ya kutchalitchi basi. Tsiku lonse amakhala pawindo kuwerenga mabasi. Dzulo anandifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi dziko lino lilibe minda?" Zinandikhudza kwambiri. Galimoto tinali nayo, koma bambo a kunyumba anabwereketsa mng'ono wawo akuti akangopita nayo ku intavyu, mpaka lero siinabwere. Ndikafunsa akuti ndimadana ndi abale awo, chonsecho inshuwalansi ndikulipira ndine. Kuntchito nakonso andisinthira mashifiti osandifunsa, usiku wokhawokha, ndiye Loweruka lokha ndi limene ndapuma. Za mnzathu wogawana naye khitchini amene amathera ena mafuta ophikira ndisayambe n'komwe. Ndikufuna malo oti tikwere sitima m'mawa, tikayende wapansi, aone ng'ombe ndi mapiri, madzulo tibwerere. Asakhale odula. Ndikuopanso kusochera, komanso ndinamva kuti ukaponda m'munda mwa mzungu amakuitanira apolisi. Zoona zimenezi?

Mwana wa ku Likhubula
Mapiri? Kuno kuli mapiri? Achemwali musakawanamize apongozi. Ine ndinakulira m'tsinde mwa Mulanje. Sapitwa ndi mamita 3,002. Ndili mnyamata ndinkasenza zikwama za alendo kuchoka pa Likhubula kukatula ku Chambe, chakudya chake nthochi ziwiri. Zimene amazitcha mapiri kunozi ndi zulu za chiswe. Kinder Scout amamutama uja ndi mamita 636 okha.

Make Tadala
Mumakhala tauni iti mama? UK ndi yaikulu.

Nachisale wa ku Salford
Ngati muli mbali ya Manchester kapena Sheffield, pitani ku Edale. Mukwerere pa Manchester Piccadilly sitima yopita ku Sheffield, ija yoima siteshoni iliyonse, chifukwa yothamanga imangodutsa. Mphindi ngati 45 mwafika. Mukatsika muliona phiri la Mam Tor pafupi pomwepo. Mukwere, kenako mutsate msana wa phirilo mpaka Lose Hill, n'kutsetserekera ku Hope komwe kuli siteshoni ina ya njanji yomweyo. Tikiti mugule yopita ndi kubwera ya ku Hope, poti kuchokera ku Manchester Hope ali kutsogolo kwa Edale.

Mwana wa ku Likhubula
Mam Tor mamita 517! Anachita kuyala miyala m'njira ngati pakhonde. Kwathu ana amakwera kuposa pamenepo pongokatola nkhuni.

Nachisale wa ku Salford
Achimwene, wafunsayu akufuna kuyendetsa apongozi, sakukapikisana nawo mpikisano wa onyamula katundu ayi.

Amalume a pa Luton
Nonsenu mwaphonya. Vuto apa si sitima, vuto ndi galimoto. Mwana wanga, katenge makiyi akowo. Mlamu wakoyo dzina lake lilipo pa inshuwalansi? Ngati palibe, akadzagwidwa udzalira ndi iwe. Ine mphwanga anandipanga zomwezi, makalata a chindapusa cha poimika galimoto ankangobwera m'dzina langa, iye ali phee ku Coventry.

Mayi Busa
Amalume musapasule banja la mwini. Ndipo inu mwana wanga, nkhani za kuchipinda sitiyanika pagulu. Ankhoswe alipo.

Amalume a pa Luton
Ankhoswe ali ku Dedza, Mayi Busa. Alipira ndi iwowo?

Mphunzitsi Wakale
Ndiyankhe za apolisizo. Ku England ndi ku Wales kuli njira zodutsa m'minda ya anthu zimene lamulo limalola aliyense kuyendamo. Muona chikwangwani cholembedwa Public Footpath, kapena kamuvi kachikasu pa mtengo wa mpanda. Kabuluu ndi njira yodutsanso akavalo ndi njinga. Mukatsata timivi timeneti palibe angakuletseni, ngakhale njirayo itadutsa pakati pa nkhosa. Geti mukalipeza lotseka mulitsekenso. Ufuluwu sunabwere wokha. Mu 1932 anthu ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester anakwera Kinder Scout mwadala eni malo atawaletsa, ena mpaka anamangidwa, ndipo mu 1951 Peak District, dera limene kuli Kinder Scout ndi Mam Tor, inakhala paki yotetezedwa (national park) yoyamba ya dziko lino. Ku Scotland n'kosavuta kuposa apa, lamulo lawo la 2003 limalola kuyenda pafupifupi paliponse bola mwaulemu.

Mwana wa ku Likhubula
Kumangidwa chifukwa cha mamita 636. Koma azungu.

Achimwene a ku Thyolo
Ine ndingokuchenjezani za Lamulungu. Tinapita ndi anzanga, pobwerera tinapeza akukonza njanji, m'malo mwa sitima aika basi. Ife tinakhala pa pulatifomu kudikira, basi ikunyamukira kuseri kwa siteshoni. Tinazindikira mdima utagwa, netiweki kulibe, mvula ikutsanuka. Ndalama ya takisi tsiku limenelo ndikaikumbuka mutu umandipweteka. Mnzathu wina anali atakweranso popanda tikiti akuti agula m'katimo, anamulembera chindapusa. Panopa ndi mapaundi 100 kuwonjezera pa mtengo wa tikiti.

Nachisale wa ku Salford
Iye wanena Loweruka. Komabe aone pa foni usiku wake ngati sitima zikuyenda, ndipo ajambule nthawi ya sitima zobwerera asanatsike kuchigwa cha Edale. Kumeneko imadutsa imodzi pa ola, ukaiphonya wakhala.

Make Tadala
Ndafunsa kale, mumakhala kuti? Tikungoponya miyala mumdima apa.

Mtsikana wa ku Croydon
Ngati ndi London pitani ku Seven Sisters, maphompho a m'mphepete mwa nyanja, zithunzi zake zimatuluka bwino heavy. Sitima ya ku Seaford, mumasinthira pa Lewes, n'kuyenda m'mphepete mwa nyanja mpaka Eastbourne.

Gogo wa pa Woolwich
Iwe mwana, makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika, munthu wamkulu? Ndipo maphompho amenewo amagumuka, kulibe mpanda. Apite ku Box Hill. Siteshoni yake ndi Box Hill & Westhumble, osakwana ola kuchoka ku London Victoria. Pansi pali mtsinje wa Mole woolokera pa miyala, amene akuopa pali mlatho chapafupi. Pamwamba pali zimbudzi ndi pogulira tiyi. Ife okalamba chimbudzi ndiye funso loyamba, inu simudziwa.

Mwana wa ku Likhubula
Phiri lokhala ndi tiyi pamwamba. Ndatopa nanu.

Mnyamata wa ku Paisley
Bwanji osawatengera ku Blantyre weniweni, wa ku Scotland? Kuchoka pa Glasgow Central ndi mphindi 20 zokha pa sitima. Nyumba imene anabadwiramo David Livingstone mu 1813 ilipobe, anaisandutsa yosungiramo mbiri, ndipo kuchoka pa siteshoni mumangotsetsereka wapansi. Mukatha muoloke kamlatho ka pa mtsinje wa Clyde, mutsate njira ya m'mitengo mpaka ku Bothwell Castle, mukakwerere sitima pa Uddingston. Palibe chitunda chovuta. Amayi anga atabwera anaimbira foni mpingo wonse kumudzi kuti aima pamene panachokera dzina la Blantyre.

Achimwene a ku Thyolo
A Likhubula, si inu tinakutolani m'matope pa Jacob's Ladder, njira yokwerera Kinder Scout, chaka chatha, mutavala nsapato za ku ukwati? kkkkk

Mwana wa ku Likhubula
Sindinagwe chifukwa cha phiri, ndinagwa chifukwa cha nyengo. Nyengo ya kuno ndi yachinyengo. Pansi dzuwa likuwala, ukafika pamwamba chifunga chatseka, mphepo ikukukankha, matope akuda mpaka m'mawondo. Ndiye ndimati munthu asapite ndi jinzi ndi ambulera. Ambulera imatembenuzika. Jekete ya mvula, nsapato zogwira pansi, sokosi zina m'chikwama, mapu akhale otsitsiratu pa foni. M'nyengo yozizira 4 koloko kwada kale. Zikavuta muimbe 999, mupemphe apolisi, iwo akulumikizani ndi opulumutsa anthu m'mapiri. Koma ndikubwereza, limenelo si phiri.

Mayi Busa
Ng'ombe zokhala ndi ana muzizilambalala patali, za kuno sizinazolowere kukusidwa ndi ana ngati zathu. Pobwera mudzionenso nkhupakupa m'miyendo, zimapatsa matenda a Lyme.

Amalume a pa Luton
Anyamule mbaula akaotche nyama, apongozi asangalale.

Mphunzitsi Wakale
Ayi amalume, moto ndi woletsedwa m'mapiri a Peak District, nthaka yake ikagwira moto imanyeka masiku. Fulasiki ya tiyi, mbatata yophika ndi zitumbuwa zakwana. Za mtengo: mukakhala awiri pali khadi ya sitima ya Two Together Railcard, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu, koma pamafunika zithunzi za nonse awiri ndipo muziyenda limodzi.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse, ndawerenga. Koma wina wajambula zimenezi n'kutumizira alamu anga, panopa bambo a kunyumba sakundiyankhula. Mulungu akuoneni amene mwachita zimenezi. Za Mam Tor zandisangalatsa, kungoti apongozi amayendera ndodo chifukwa cha bondo, ndipo mwana tidzamutenga pa pulamu. Zitheka?

Nachisale wa ku Salford
Mayo ine. Ayi mama, pulamu siingakwere kumeneko, ndipo mipanda ina mumachita kudumpha pa timakwerero. Mukanayamba ndi zimenezi.

Mwana wa ku Likhubula
Agogo anga anakwera ku Chambe ndi ndodo, mwana ali kumbuyo pa chitenje.

Katundu Kumudzi
Abale, kontena ikunyamuka kumapeto kwa mwezi, madiramu ndi mafiriji tikutenga khomo ndi khomo. Ndipezeni ku inbox.

Admin
Zamalonda ndi Lachisanu lokha. Ndipo amene mwatulutsa nkhani ya m'gulu muno mudzichotse nokha ndisanakupezeni.