Nyumba ya ana athu ku Bunda: timange, tichite lendi, kapena tisiye kaye?

Nankhoma, mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya nyumba ija sitinaimalize pamsonkhano wa Loweruka, ndiye a Wapampando ati tiipitirizire pano kuti anzathu a kunja nawo aikepo mlomo. Kwa amene kunalibe: ana ochokera kwathu ku Malomo amene ali ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR alipo 7, asanu ku kampasi ya Bunda, awiri ku kampasi ya NRC (Natural Resources College). Wogona pa kampasi ndi mmodzi yekha, enawo akuchita lendi m'midzi yozungulira. aMbewe akuti ndalama za m'thumba la chitukuko za chaka chino zipite ku nyumba ya ana athuwa kufupi ndi Bunda. Mavidiyo a ndale ndi zithunzi za maluwa zam'mawa zija zidikire kaye chonde.

aMbewe, Missouri: Zikomo mayi mlembi. Ndifotokoze komwe ndazitenga, ena angaganize kuti ndangolota. Ku mayunivesite a zaulimi kuno ku America kuli magulu a ophunzira amene amawatcha fraternity. Lina, FarmHouse, linayambira pompano pa University of Missouri mu 1905. Anali anyamata 7 ophunzira zaulimi, nthawi imene mwana wochokera kumunda ankaonedwa ngati wotsalira pa yunivesite. Anagwirizana kuti apeze nyumba imodzi, azidyera pamodzi, aziphunzira pamodzi. Lina ndi Alpha Gamma Rho, la ku Ohio State, 1904. Onsewa alipobe mpaka lero.

Mnyamata wina wa m'kalasi yomwe ndimathandizira kuphunzitsa anandiitanira chakudya chamadzulo kunyumba yawo. Ine maso anga anali pakhoma. Apachikapo zithunzi za onse amene anagonamo, chaka ndi chaka, zina zakalekale zopanda mtundu, mpaka mnyamatayo kundilozera nkhope ya agogo ake. Pachitseko cha kukhitchini amatapo ndandanda wa otsuka mbale sabata imeneyo. Osamala nyumbayo ndi amene anamaliza kale sukulu: amasonkha, amakonzetsa denga, ndipo mwana akamafuna ntchito amadziwa woti amuimbire foni. Ife tili ndi anthu angati amene anadutsa pa Bunda? Tikulephera chiyani?

aPhiri, msungichuma: Tikulephera ndalama achimwene. Zomwe zili m'buku pano sizingafike ngakhale pa mawindo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti umene mwafunsa lero si umene mukagulire mawa. Puloti kufupi ndi koleji nayo eni ake anachenjera, akudziwa kuti ophunzira ndi msika. Komanso musaiwale kuti tinalonjeza a komiti ya sukulu ya pulayimale kuti tikonzetsa mjigo mvula isanagwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mjigo tiutha, nyumba tidzaisiyira pa maziko anthu n'kumatiseka.

Nabanda, Johannesburg: Ine funso langa ndi lina. Ana 7 basi? Ndimasonkha mwezi ndi mwezi, ndalama yotsuka mbale za anthu kuno, ndipo sindidandaula. Koma wofika pa Bunda ndi mwana amene wawoloka kale. Nanga wa pa CDSS amene amalemba Chemistry ya MSCE asanagwirepo botolo la mu labu? Nanga atsikana amene akuthera Fomu 2? Mukamanga nyumba ku Lilongwe, ogonamo adzakhala ana a anthu omwewo amene anatha kulipira sekondale yogonera konko.

aPhiri, msungichuma: Mfundo imeneyo.

aMwale, mlangizi wopuma: Ndaziwerenga zonse. Ndiloleni nditalikitseko pang'ono, poti pagulu pano wakale kwambiri wa pa Bunda ndine. Ndinatenga dipuloma yanga m'ma 1980, koleji ili pansi pa University of Malawi. Za LUANAR izi ndi za dzana, lamulo lake ndi la 2011 ndipo anayamba mu 2012. Ndipo aMbewe, zomwe mwaona kumeneko si zachilendo kwenikweni pa Bunda, chifukwa Amereka omwewo ndi amene anathandiza poimanga m'ma 1960.

Tinali ochepa, tonse timagona pa kampasi, tonse timadya ku kafeteriya. Tsiku la zochitika kufamu umadzuka kuli mdima, ovolosi ndi magambutsi, kukakama ng'ombe manja akuchita dzanzi ndi chisanu cha Juni. Aliyense anali ndi kachigawo kake ka munda, ndipo ngati mizere yako yakhota, sabata yonse nkhani inali yako patebulo. Loweruka ena timakwera phiri la Bunda, ena ulendo wa ku Mitundu. Anzathu a ku Chancellor ankatinena kuti timanunkha ndowe, ife n'kumawayankha kuti nsima imene mukudyayo ifunseni kwawo. Titamaliza anatimwaza m'zigawo za ulimi 8 zija (ma ADD), kuyambira Karonga mpaka Ngabu. Ine ndinagwera wa Kasungu, womwe ndi wathu wa ku Ntchisi. Koma kulikonse komwe galimoto yakufera, umangofunsa ofesi ya zaulimi, upeza wa pa Bunda, wagona, wadya. Panalibe dzina la gulu kapena baji, koma ubalewo unalipo.

Tsono nkhawa yanga nayi. Mnzanga wa m'chipinda anali wa ku Karonga. Za mpunga wa Kilombero ndi chinangwa ndinaziphunzira kwa iye usiku magetsi atazima, osati m'kalasi. Wina wa ku Nsanje anandiphunzitsa za mapira ndi mchewere, zomwe zinadzandithandiza chaka cha chilala. Mukatenga ana a ku Malomo okhaokha n'kuwatsekera m'nyumba imodzi, adzachoka pa Bunda akudziwa anthu omwe ankawadziwa kale. Dziko lino nkhani ya "wakwathu" yatipweteka mokwanira.

aMbewe, Missouri: Apo bambo Mwale mwanena zoona, ndipo kuno satenga munthu potengera kwawo ayi. Chimawalumikiza ndi ulimi. Mwina tinene kuti zipinda zina zikhale za ana a maboma ena.

aPhiri, msungichuma: Ndiye tisonkhe ife, agone a ku Mulanje?

aMbewe, Missouri: Iwowo azilipira lendi yonse, athu theka. Nyumba izidzithandiza yokha.

Nangondo, Area 25: Pepani kulowerera. Ine mwana wanga wamkazi sindingamulole kugona nyumba imodzi ndi anyamata, kaya ndi a kwathu kaya ndi a mpingo wathu. Chachiwiri, magulu a ku America amenewa timamva kuti ndi a mowa ndi kuzunza atsopano. Tizingi tinaiona ku sekondale, ena mpaka anasiya sukulu. Tikufuna kuyambitsa zomwezo ndi ndalama zathu?

aMbewe, Missouri: Mayi, zilipo ndithu m'magulu ena, ndipo ana afapo, sindingabise. Mayunivesite amatseka nyumba zopezeka zikuchita zimenezo. FarmHouse imadziwika kuti m'nyumba zake mowa saloleza, ndipo nyumba zambiri zimakhala ndi mayi wamkulu wokhala pompo. Atsikana ali ndi gulu lawolawo, Sigma Alpha, linayamba mu 1978 ku Ohio State komweko. Sasakanikirana pogona.

Nangondo, Area 25: Ndiye nyumba ziwiri. aPhiri mwamva?

aPhiri, msungichuma: Ndamva, ndikungopukusa mutu kuno.

Nankhoma, mlembi: Ndamulowetsa m'gulu mwana wathu mmodzi wa chaka chachitatu pa Bunda. Tikukambirana za iwo, eni ake sanalankhulepo. Mwanawe, masuka.

Wophunzira, Bunda: Zikomo amayi, zikomo makolo nonse potiganizira. Ndalankhula ndi anzanga tisanayankhe. Kunena zoona, nyumba yomanga ife sitidzaiona, tidzakhala titamaliza. Chimativuta kwambiri ndi poyambira. Yaro, wa chaka choyamba, akafika ndi chikwama chake sadziwa kolowera, malo abwino amakhala atatengedwa ndi akale. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi ingapo pamodzi. Ine chaka choyamba ndinkagona chipinda chopanda magetsi, laputopu ndimakatchaja kukalasi, ikatha moto ntchito yathera pomwepo. Kuchoka ku laibulale usiku timadikirana atsikana anayi kapena asanu kuti tiyendere limodzi, chifukwa njira yake ndi ya m'minda. Ngongole ya boma si onse amaipeza, ndipo woipezayo lendi, makala ndi ndiwo zikachokapo palibe chotsala. Kumapeto kwa semesita ambiri timadya kamodzi.

China ndi malo a attachment, okaphunzirako ntchito tisanamalize sukulu. Anzathu amene ali ndi achibale m'maofesi amapeza msanga. Ife timangoponya makalata. Agogo Mwale, anthu amene mumawadziwa aja akanatithandiza kuposa njerwa.

aMwale, mlangizi wopuma: Mdzukulu wanga, n'chifukwa chiyani sunanene kale? Ena anapuma, ena anatisiya, koma amene tinawaphunzitsa ntchito akadali m'maofesi, ku Chitedze ndi kwina. Nditumizire maina anu nonse ndi zomwe mukuphunzira. Ndisalonjeze malo, koma foni ndiimba.

aBanda, Malomo: Akundilembera ndi mwana wanga, maso avuta. Ine ndili kumudzi konkuno, sindinapite ku koleji. Funso langa ndi lakuti ife alimi tipindulanji? Mlangizi wathu ndi mmodzi, midzi ndi yambirimbiri, njinga yake ndi yakapalasa. Mbozi zija zitabwera mu 2017 tinkathira dothi ndi phulusa m'mitima ya chimanga poti wotiuza zoona kunalibe. Mtedza ogula akuubweza ati uli ndi chuku. Feteleza wa Mbeya aliyense akupanga mwakemwake, wina gaga wambiri, wina phulusa lambiri, wina akutsegula thumba masabata atatu asanakwane. Ana a ku Bunda akabwera holide timangowaona pa foni pansi pa mtengo wa mango. Ngati gulu liwathandiza, nawonso alowe m'munda tiwaone.

Nabanda, Johannesburg: Malume mwandilankhulira. Zikatero ndiye ndalama yanga ikubwerera kumudzi.

Wophunzira, Bunda: Agogo, mwina timaopa kuoneka ngati tikudzimva. Munthu wazaka 21 kukauza agogo ake kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando 25, mbewu imodzi paphando, amakuyankha kuti iwe unabadwa liti. Koma mukatipatsa munda wachitsanzo, tikagwira limodzi ndi alimi otsogolera, titha. Soya wa mizere iwiri pa mzere umodzi wothira inoculant (tizilombo tothandiza mizu ya soya kupanga chonde) pambali pa wobzala mwachizolowezi, anthu adzionere okha pokolola. Za chuku, tikhoza kuonetsa kuumitsa mtedza pa Mandela cock (kuuunjika pamulu ndi masangwe ake, mpweya uzidutsa pakati) m'malo mouyanika padothi, ndi kusiya kuuwaza madzi poswa. Vuto ndi lakuti holide yathu siigwirizana ndi nyengo ya dzinja nthawi zonse. Ikagwa m'chilimwe ndiye tikhale ku dimba. Komanso tikhoza kumaphunzitsa a Fomu 4 pa CDSS Biology, Chemistry ndi masamu masabata amene tili kumudzi.

aBanda, Malomo: Munda ndipereka ine, wa m'mbali mwa msewu uja, kuti wodutsa aliyense aziona. Ukakanika aziona chimodzimodzi.

aPhiri, msungichuma: Zikumveka bwino, koma ndani adzawalondola? Tinalipirirapo mwana wina fizi zaka ziwiri, lero akatiwona m'tauni amawoloka msewu. Pakhale pepala losainirana, kholo lake ndi a mfumu asainenso. Wosabwera kumunda, semesita yotsatira adzilipirire yekha.

aMwale, mlangizi wopuma: Pepala likhalepo, koma womaliza sukulu akayamba kulandira alowe m'gulu, azisonkha ngati ife. Kupanda apo zaka zisanu zikubwerazi osonkha tidzakhala omwewa, ena tili ndi ndodo.

aMbewe, Missouri: Zomanga ndazisiya kaye, ngakhale mtima ukukanabe. Koma ndikupempha chimodzi: nyumba ya lendiyo ikhale yomweyo chaka ndi chaka, kuti wobwera kumene azipeza akale. Tikamangopatsa aliyense ndalama m'manja, ameneyo ndi bursary wamba, ndipo ana sadzadziwana.

Nangondo, Area 25: Iyambe ya atsikana. Anyamata akhoza kupirira chaka china. Ndipo ine ndizipitako kamodzi pamwezi osanena tsiku.

Nabanda, Johannesburg: Nanga awiri a ku NRC aja? Kumeneko ndi mbali ina ya tauni, sangagone ku Bunda.

Nankhoma, mlembi: Zoona, tinawaiwala.

Wapampando: Zikomo nonse. Mjigo ukonzedwa monga tinalonjezera, pamenepo palibe voti. Zotsalazo tivotera Lamlungu madzulo pa mfundo ziwiri: kuchita lendi nyumba imodzi ya atsikana kufupi ndi Bunda kwa chaka chimodzi choyesera, kapena kugawa ndalamazo kwa ana onse 7 mofanana. Mbali zonse ziwiri, munda wachitsanzo ndi makalasi a pa CDSS zikhalapo. Mwana wathu wa ku Bunda, utipezere mitengo ya nyumba zitatu zokhala ndi magetsi ndi madzi pafupi, utumize kwa mlembi pofika Lachisanu. aMwale ndi aPhiri, lembani pepala losainirana lija tilione tisanavote.

aPhiri, msungichuma: Amene ali ndi ngongole ya miyezi itatu kupita m'tsogolo savota. Maina ndili nawo, musandikakamize kuwaika pano.

Nabanda, Johannesburg: Ine ndivotera kugawana, a ku NRC asatsale. Ndanena poyera kuti pasadzakhale zonong'onezana.

aBanda, Malomo: Matumba awiri a chimanga ndi ndowa ya nyemba ndapereka kwa anawo. Koma mayendedwe ake kuchoka kuno kukafika ku Bunda wina alipire.